Wiki ya gogodela pa shopu yathu ku Indiana

Ndimagwira ntchito pa kauntala mu shopu ya zida za alenje kuno ku Indiana, pafupi ndi South Bend komwe a Malawife tinachuluka. Wiki yomwe imandithetsa mphamvu chaka chilichonse ndi iyi yoyambirira ya Disembala, sizoni yosaka agwape ndi mfuti wamba yatha Lamulungu ndiye ya muzzleloader ikutsegulidwa Loweruka. Muzzleloader ndi gogodela basi, yothira onga kukamwa kenako chipolopolo n'kutsindira ndi kandodo, monga ija agogo ankabisa kudenga kumudzi. Kungoti za kuno ndi zapafakitale, zambiri .50 caliber (kukula kwa kamwa la mpope), zina mpaka zili ndi scope, kagalasi koonera patali polunjika.

Lolemba m'mawa kunabwera madala ena, tsitsi mbuu, gogodela yawo ili m'chikwama. Breech plug yakana kumasuka, kachitsekero ka kumbuyo kwa mpope komwe mumalowa primer ya 209, kanthu koyatsa onga. Ndinawafunsa kuti bambo munaitsuka liti komaliza, akuti chaka chatha. Nditaunika ndi tochi dzimbiri lokhalokha, ndinangodziwa kuti kutsuka kwake kunali kongopukuta kunja. Onga wakuda ngakhale wina wolowa m'malo mwake wotchedwa Pyrodex amasiya zamchere zomwe zimakoka chinyezi, ukagoneka mfuti osaitsuka miyezi khumi ndi umodzi imadzidya yokha mkati. Sindinawatsutse, akulu ngati amene aja sungawauze pagulu kuti mukunama.

Masana ake kunabwera mnyamata wina ndi rifle ya .308 yatsopano, akakoka bolt, chitsulo cholowetsa ndi kutulutsa zipolopolo, chikhokhombe cha chipolopolo chikutsalira mkati. Sizoni yake inathera pompo, anali atakwiya koopsa ndipo mkwiyowo amathira ineyo ngati ndine ndinaipanga.

Ndiye Lachiwiri ndinakhala pa foni ndi makampani awiri, maina sinditchula.

A gogodela aja foni inalira katatu, anayankha mayi wina, munthu weniweni osati makina. Ndisanamalize n'komwe kufotokoza anandidula, akugwiritsa onga wanji, ma pellet (woumba timibulu) kapena wothira, nanga pa mazinga a plug anapakapo grease? Anandiuza kuti ndiiviike mu mafuta omasulira dzimbiri usiku wonse, ndisakakamize ndi sipanala chifukwa ndikapindika mutu wake basi zathera pomwepo, ndipo plug yatsopano atumiza lero lomwe osalipiritsa. Mphindi zisanu ndi ziwiri nkhani yatha. Umachita kumva kuti munthuyu mfutiyi anaigwirapo, manja ake anadapo ndi mwaye.

A rifle aja eeh. Dinani 1, dinani 3, kanyimbo kwa theka la ola, kenako mnyamata waulemu kwambiri koma akuwerenga pa kompyuta. Mwayesa zipolopolo za mtundu wina? Eya tayesa mitundu itatu. Chabwino lembani fomu pa webusaiti yathu, mulandira nambala, mukalandira nambalayo titumiza label yotumizira mfutiyo. Ndinati achimwene vuto ndi extractor, kachitsulo kakang'ono ngati chikhadabo kokoka chikhokhombe, titumizireni tiika tokha, gunsmith wathu wokonza mfuti wakhala pa ntchitoyi zaka zoposa makumi awiri. Akuti ayi, mfuti yonse ibwere, masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi.

Ndinadandaula kwa abwana, iwo anangoseka akuti usawaweruze msanga. Ndipo pena anali ndi mfundo. Lamulo la boma la America, Gun Control Act ya 1968, gogodela zambiri limaziika m'gulu la antique, mfuti zamakedzana, kampani itha kutumiza pakhomo pako ngati ikutumiza ketulo, bola malamulo a state yako akulola. Rifle ndi nkhani ina, ili ndi serial number yomwe imalondoledwa, pogula umalemba Form 4473 n'kukufufuza ku NICS, komwe boma limaona ngati uli wololedwa kukhala ndi mfuti, ikagona mu shopu yathu tiyenera kuilemba m'buku kuti yalowa ndipo yatuluka liti. Komanso kampani ikakutumizira kachitsulo iwe n'kuika molakwika munthu n'kuvulala, ma loya a kuno sagona tulo. Zonsezo ndikumva. Koma theka la ola la kanyimbo silinalembedwe m'lamulo lililonse.

Lachitatu plug ya madala inamasuka, inatuluka yakuda bii, kabowo kodutsa moto katatsekekeratu. Lachinayi phukusi linafika, ndikutsegula, plug ya model ina! Mazinga osiyana. Apa ndiye ndinayesa anthu aja ngati ndi enieni, chifukwa kukoma pa foni yoyamba aliyense amatha. Ndinaimbanso, anayankha bambo wina, anafunsa nambala ya pa mpope, anati pepani talakwitsa ndife, sanayambe zoti munatiuza molakwika ndinu. Anatumiza ina pa overnight ndalama zawo, yolakwikayo akuti sungani mwina ithandiza wina.

Tsiku lomwelo label ya rifle inali isanabwere. Imelo yokha yoti talandira pempho lanu, ndinu ofunika kwa ife. Mnyamata uja anaimba kawiri, kachiwiri anandifunsa ngati ndinatumizadi fomuyo.

Chimene chimandiwawa pa ntchito iyi n'choti kastomala sakumbukira dzina la munthu wa ku fakitale, amakumbukira nkhope yomwe inamugulitsa. Ndipo makampaniwa amasintha manja, mu 2020 kampani ya mfuti ya Remington itagwa inagulitsidwa zidutswazidutswa, gawo lake la Marlin kupita ku kampani ya Ruger, ndiye munthu akabwera ndi mfuti yakale funso loyamba limakhala loti dzina limeneli mwini wake pano ndi ndani, foni yake tiimbe kuti.

Lachisanu cha m'ma 3 koloko plug yolondola inafika. Ndinaipaka grease madala akuona, dala, ndinawaonetsanso kuti madzi otentha ndi sopo amachotsa zonsezi, aumitse bwino kenako mafuta pang'ono. Anangogwedeza mutu akuti amayi kunyumba amaletsa kutsukira mfuti mu sinki.

Label ya rifle inabwera Loweruka m'mawa, shopu itadzaza ndi anthu ofuna ma primer omwe anaiwala kugula. Mfutiyo ndaiika m'bokosi, ndalemba m'buku, inyamuka Lolemba. Madala aja anatumiza mdzukulu wawo masana kudzagula botolo la grease, sanabwere okha, akuti akadali kutchire.