Ku CERN, komwe akusaka chinthu chosadziwika nkhope

Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Geneva ndi ulendo wotopetsa koma wosavuta kufotokoza: kukwera ndege ku Lumbadzi, kusintha ku Addis Ababa usiku, kenako Switzerland. Chovuta chinali kuwalongosolera abale chomwe ndikupitira. Ndimaphunzitsa Physics ku sekondale ina kuno mumzinda, ndipo ana a Fomu 4 ndimawauza za ma atomu, ma proton ndi ma electron ngati nkhani yoti inatha kale. Ndinkafuna kukaona CERN, likulu la kafukufuku wa tizidutswa tating'ono kwambiri topanga zinthu, malo omwe anthu amalembedwa ntchito yofufuza pomwe mabuku athuwa akuperewera. Malume anga, omwe anandiperekeza kubwalo la ndege, anangoti, "Mphwanga, bola ukabwere ndi zithunzi, zinazo tidzamva pambuyo."

Ku Geneva umakwera tiramu nambala 18 pa siteshoni ya Cornavin mpaka pomwe imathera, ku Meyrin, pafupi ndi malire a France. Ukangotsika ukuona chinyumba chobulungira cha matabwa, ndipo pambali pake pali Science Gateway, malo a alendo omwe anatsegulidwa mu October 2023. Kulowa n'kwaulere, chinthu chosowa mumzinda womwe botolo la madzi limakudyera ndalama ya ndiwo. Bungwe la CERN linakhazikitsidwa mu 1954, ndipo ndi komweko komwe Tim Berners-Lee anayambitsa World Wide Web mu 1989.

Makina enieniwo, Large Hadron Collider kapena LHC, sawoneka. Ali m'ngalande yozungulira ya makilomita 27, pafupifupi mamita 100 pansi pa minda ndi midzi ya maiko awiriwa. Yerekezani msewu wochoka ku Tauni kukafika kubwalo la ndege, muupinde mpaka nsonga zake zikumane. Mkatimo muli maginito akuluakulu 1,232 okhotetsa njira ya ma proton, ndipo amawaziziritsa ndi helium mpaka madigiri 271 kutsika pansi pa ziro. Ma proton amazungulira ngalandeyo maulendo opitirira 11,000 pa sekondi imodzi, ena kulowera uku ena uko, n'kukawombana pamalo anayi pomwe pali zipangizo zojambulira zotuluka pa kuwombanako, zotchedwa ATLAS, CMS, ALICE ndi LHCb.

Makina akamagwira ntchito palibe wotsikira pansi, choncho ife tinathera pamwamba, pa nyumba ya ATLAS yomwe khoma lake anajambulapo chithunzi cha chipangizocho. Chenichenicho n'chotalika mamita 46, cholemera matani 7,000. Tinasuzumira pagalasi m'chipinda choyang'anira, momwe achinyamata ochepa anali chete pamakompyuta, wina akudya sangweji. Wotitsogolera anali mtsikana yemwe akuchita PhD, ndipo pomwe ndinamufunsa zomwe apeza chaposachedwa, anaseka kaye.

Nkhani yake ndi iyi. Asayansi ali ndi chiphunzitso chotchedwa Standard Model, chofotokoza tizidutswa tonse todziwika topanga zinthu komanso mphamvu zitatu zomwe zimalamulira tizidutswato. Kachidutswa komaliza komwe kankasowa ndi Higgs boson, komwe kanaloseredwa mu 1964 ndipo ATLAS ndi CMS analengeza kuti akapeza pa 4 July 2012. Chaka chotsatira Peter Higgs ndi François Englert analandira mphoto ya Nobel. Chiphunzitsocho chimalondola mochititsa mantha, koma aliyense kumeneko akudziwa kuti n'choperewera. Mphamvu yokoka zinthu, ija imagwetsa mango mumtengo, mulibemo. Zinthu zonse zopangidwa ndi ma atomu, ife, nyenyezi, dothi, ndi magawo 5 okha pa 100 a chilengedwe. Magawo pafupifupi 27 ndi dark matter, chomwe sichioneka koma chimakoka milalang'amba, ndipo palibe kachidutswa ka mu Standard Model komwe kangakhale chimenecho. Chiphunzitsocho sichifotokozanso chifukwa chake antimatter, yomwe tizidutswa take timafanana ndi ta zinthu wamba koma chaji yake ndi yosemphana, ndi yochepa chonchi pomwe matter, yomwe ndi zinthu wambazo, ili ponseponse.

Ndiye amasaka bwanji chinthu chomwe sichisiya chizindikiro? Apa ndi pomwe ndinatchera khutu kwambiri, chifukwa njira yake ndi lamulo lomwe ndimalemba pabolodi chaka ndi chaka, loti momentum, yomwe ndi kulemera kwa chinthu kuchulukitsa ndi liwiro lake, siitayika. Ma proton awiri akamabwera kudzawombana, palibe chikuyenda cham'mbali. Choncho zidutswa zouluka pambuyo pa kuwombanako zikaphatikizidwa, za mbali iyi ziyenera kufanana ndi za mbali inayo. Mbali imodzi ikachuluka popanda choyankha kwinako, ndiye kuti china chake chathawa osaoneka. Vuto n'lakuti ma neutrino, tizidutswa topepuka kwambiri todziwika kale, amathawanso chimodzimodzi, ndiye ntchito yaikulu ndi kuwerengera bwino kuti ma neutrino okha angabweretse zoterezi kangati, n'kuona ngati pali zotsalira. Njira ina ndi kusaka kachitunda pa girafu, pomwe zochitika zaunjikana pa kulemera kumodzi kuposa momwe amayembekezera. Higgs anapezeka motero, pa 125 GeV (GeV ndi muyeso wa mphamvu ndi kulemera kwa tizidutswa).

Magulu a ma proton amakumana pafupifupi maulendo 40 miliyoni pa sekondi, ndipo zosungidwa ndi masauzande ochepa chabe. Zina zonse makompyuta amataya pomwepo. Ndinakhala ndikuganiza panjira yonse yobwerera kuhotela kuti ngati chinthu chatsopanocho sichikufanana ndi zomwe anauza makompyuta kuti asunge, mwina chinatayidwa kalekale.

Kuyambira 2012 palibe kachidutswa katsopano kunja kwa Standard Model komwe kapezeka. Supersymmetry, mfundo yoti kachidutswa kalikonse kodziwika kali ndi mnzake yemwe sanapezeke, yomwe ambiri ankaikhulupirira, sinaonekebe ngakhale mphamvu ya makina inafika 13.6 TeV (13,600 GeV) mu 2022. Mu December 2015 ATLAS ndi CMS onse anaona kachitunda pa 750 GeV, akatswiri n'kulemba mapepala mazanamazana okafotokoza, koma pofika August 2016, deta itachuluka, kanazimiririka. Zina zomwe LHCb inaona ngati zikusemphana ndi chiphunzitso zinathanso mu December 2022 ataunikanso bwino. N'chifukwa chake salengeza kuti atulukira chinthu mpaka umboni ufike pa mlingo wa five sigma, pomwe mwayi woti zangochitika mwangozi ndi pafupifupi umodzi pa 3.5 miliyoni.

Nditabwerera, m'chipinda cha aphunzitsi nkhani inakula. A hedi anafunsa mosabisa: "Aphunzitsi, ndalama zonsezo, zaka zonsezi, osapeza kanthu?" Ndinawayankha kuti kusaka kulikonse kosaphula kanthu kumatseka malo amodzi omwe chinthucho chikanabisala, ndipo ziphunzitso zambiri zagwa motero. Sanakhutire, ndipo sindikuwadzudzula, pakuti CERN ikukonza zowonjezera kuwombana kwa ma proton mu LHC yomweyi cha m'ma 2030, kwinaku ikukambirana zokumba ngalande ina ya makilomita pafupifupi 91 popanda lonjezo loti idzapeza chilichonse.

Gawo lina la deta ya zoyesazi CERN inaliika pa intaneti kwaulere. Teremu ikubwerayi ana a kalabu ya sayansi adzayesa okha kupeza kachitunda ka Z boson, kachidutswa kodziwika kale, pa 91 GeV, magetsi ndi bandulo zikalola.