Sabata yoyeza mphesa ku Western Cape

Febuluwale kuno ndi nyengo yokolola mphesa. Ntchito yanga pa kampani yathu yopanga vinyo ku Stellenbosch, m'chigawo cha Western Cape ku South Africa, ndi kuzungulira minda yomwe timagulako, kutapa mphesa m'mizere, kuzifinya, n'kuyeza shuga ndi kuwawasa kwake. Bwana amasankha tsiku lothyola potengera zimene ndapeza.

Lolemba ndinali ku Swartland, m'mphepete mwa phiri la Paardeberg. Kumeneko kumatentha koopsa, mvula yambiri imagwa m'nyengo yozizira, ndipo minda yambiri yakale sithiriridwa. Mitengo ya mphesa za mtundu wa Chenin Blanc imangokhala yaifupi ngati nandolo, yopanda waya woyangapo, masamba ake ataphimba mphesa kudzuwa. Dothi lake linachokera ku mwala wa granite: pamwamba ndi mchenga, koma pansi pali dongo losunga chinyontho, ndiye mizu imalowa pansi kwambiri kukachifuna. Mphesa zimabereka zochepa, zing'onozing'ono, koma ukaluma imodzi umamva kuti mulibe madzi achabe. Mitengo imeneyi ndimaipatsa ulemu, chifukwa yambiri inapirira chilala cha 2015 mpaka 2018 popanda woithirira. Shuga anali atafika 22 pa muyezo wa shuga wotchedwa Balling, ndipo ndinaimbira bwana pomwepo kuti tisazengereze, poti dzuwa la kumeneko silichedwa kupha kuwawasa, vinyo n'kukhala wozizirira. Lachiwiri tinathyola mbandakucha.

Lachitatu ndinakwera Sir Lowry's Pass kupita ku Elgin, kwawo kwa maapozi, pamtunda wa mamita pafupifupi 300. Ndinavala juzi. Mphepo yochokera kunyanja, ija amaitcha Cape Doctor, imaunjika mitambo m'mapiri, ndipo mphesa za mtundu wa Chardonnay za kumeneko zinali zikadali zowawasa moti ndinalemba kuti tidikire. Sabata imodzi yomweyo, ulendo wa maola ochepa pagalimoto, kwina akupakira mabokosi, kwina mphesa zikadali zosakhwima.

Lachinayi ndinatsikira ku Hemel-en-Aarde, kufupi ndi Hermanus. Pinot Noir, mtundu wa mphesa umene ndinakayeza kumeneko, sakonda kutentha, khungu lake n'lopyapyala, choncho amamubzala pa dongo, pomwe kamphepo kozizira ka kunyanja ku Walker Bay kamafika masana. Ndinayang'ana kwambiri ngati mphesa zayamba kuola mkati mwa tsango, poti zimathinana. Zinali bwino.

Lachisanu sindinapite kutali. M'mawa ndinayeza Pinotage pansi pa phiri la Simonsberg, mtundu wa mphesa umene katswiri wina, Abraham Perold, anaupanga konkuno ku Stellenbosch mu 1925 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut. Masana onse ndinali pa mapepala. Kuyambira 1973 pali lamulo la Wine of Origin: botolo likalembedwa Swartland kapena Elgin, mphesa zonse zikhale zochokera komweko. N'chifukwa chake ndinakana pamene mnzathu wina ankafuna kuthira mphesa zotsala za ku Swartland m'thanki ya Stellenbosch kuti idzaze.

"Achimwene, tizisunga pazokha, ngakhale m'mgolo umodzi," ndinamuuza. Bwana atamva anatumiza munthu kukatsuka mgolowo.