Matope a pansi pa nyanja ndi moto wa pa Kaphirintiwa

Funsoli linachokera kumbuyo kwa kalasi, kwa mtsikana wa Fomu 1 amene salankhulalankhula. Ndinali nditangolemba pa bolodi kuti chigaza cha cholengedwa chakale chofanana ndi munthu chimene Mary Leakey anapeza ku Olduvai Gorge ku Tanzania mu 1959 n'cha zaka pafupifupi 1.8 miliyoni zapitazo. Anakweza dzanja n'kunena kuti, "Aphunzitsi, iwowo anadziwa bwanji? Analipo ndani woti aziwerenga zakazo?" Ndinayankha kuti akatswiri ali ndi makina oyezera. Anakhala chete, koma nkhope yake inandiuza kuti sindinamupatse kanthu. Madzulo ake nsima sinakome.

Chaka chino ndikuchita maphunziro a digiri ndili pantchito, aja ophunzira uli kwanu, ndipo gawo la mbiri ya anthu akalekale ndi limene landigwira mtima. Ndimawerenga usiku pa foni, nditafunda bulangete chifukwa kuzizira kwa kuno ku Dedza mu Juni sikuona nkhope. Choyamba chimene ndinafuna kumvetsa ndi funso la mwana uja.

Yankho lake si makina amodzi. Chamoyo chilichonse chimatenga mtundu wina wa kaboni wotchedwa carbon-14, ndipo chikafa kaboniyo amayamba kutha pang'onopang'ono: theka lake limatha pa zaka 5,730 zilizonse. Ukayeza wotsala m'khala kapena m'fupa umadziwa kuti chinafa liti. Koma njirayi imalekezera cha pa zaka 50,000. Za ku Olduvai anayeza phulusa la mapiri ophulika limene linayalana pansi ndi pamwamba pa mafupawo. Palinso njira ina imene inandidabwitsa kwambiri, yoyeza kuti kamchenga kanaona dzuwa komaliza liti kasanakwiririke. N'chifukwa chake ofukula amatenga mchengawo m'mapaipi otseka, kuti kuwala kusaukhudze.

Kenako ndinafika pa za kwathu, ndipo apa mtima unandipweteka pang'ono. Ana athu amaloweza za Lucy wa ku Ethiopia, cholengedwa chakale chofanana ndi munthu chimene mafupa ake anapezeka mu 1974, ndi zidindo za mapazi za ku Laetoli ku Tanzania. Za Uraha ku Karonga ambiri sanamvepo. Kumeneko mu 1991 gulu lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza nsagwada ya m'munsi ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, ya mtundu wa Homo rudolfensis, imodzi mwa zotsala zakale kwambiri za gulu la Homo, lomwe ifenso anthu a lero tilimo. Anaipatsa nambala UR 501. Fupa limeneli linatuluka m'dothi la Malawi.

Koma chimene chandichedwetsa kugona masabata awiri ndi matope. Mu 2005 akatswiri anayandamitsa chombo pa Nyanja ya Malawi n'kuboola pansi pa madzi, kutulutsa matope aatali mamita oposa 300. Chaka ndi chaka fumbi, mungu wa maluwa a mitengo ndi udzu, timakala ta moto wa kutchire ndi zigoba za tizamoyo ta m'madzi zimamira n'kukayalana pansi. Zapansi ndi zakale, zapamwamba ndi zatsopano. Mungu wa mtengo uliwonse uli ndi kaonekedwe kakekake pa maikulosikopu, choncho munthu wodziwa amatha kuwerenga timbewu timeneti n'kunena kuti pa nthawi yakuti kuno kunali nkhalango yowirira, pa nthawi yakuti kunali udzu wokhawokha. Ndikaganiza za munthu wokhala pa mpando miyezi yambiri akuwerenga mungu kamodzikamodzi, ndimam'patsa ulemu ngati mayi wosankha nyemba za mbewu.

Matopewo ananena zoopsa. Pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zazikulu moti madzi a m'nyanja anatsika mamita oposa 500, ndipo madzi pafupifupi 95 pa 100 alionse anatha. Ndinayesa kuziona m'maganizo. Utsike ku Golomoti, udutse Mtakataka, ufike pamene lero asodzi amakocheza mabwato, koma madzi osawaona. Uyende tsiku lonse pa dothi long'aluka, mphepo ikuulutsa fumbi. Nyanja imene timaitenga ngati inakhala chomwecho chiyambire inatsala kanyanja ka madzi amchere pakati pa chigwa chouma. M'matope omwewo anapezamo tiziduswa ta phulusa la phiri la Toba la ku Indonesia, lomwe linaphulika zaka pafupifupi 74,000 zapitazo. Phulusa kuuluka mtunda wonsewo n'kudzagona pansi pa nyanja yathu! Ndipo linathandiza ngati chikhomo cha m'malire a munda, chosonyeza kuti matope a pamenepo ndi a zaka zingati.

Tsono nkhani ya moto. Mu 2021 Jessica Thompson ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atayerekeza matope a m'nyanja ndi miyala yosema imene anafukula ku Karonga. Kale lonse, mvula ikabwerera ndipo nyanja ikadzaza, nkhalango nayo inkabwerera ndi mitengo yake yamitundumitundu. Koma kuyambira zaka pafupifupi 85,000 zapitazo zinthu zinasintha. Nyanja inadzaza, mvula inalipo, koma nkhalango sinabwerere monga kale. Makala anachuluka m'matope, mitengo yopirira moto inatenga malo, dothi linayamba kukokoloka kuchoka m'mapiri n'kukaunjikana m'munsi, ndipo m'dothi lounjikanalo ndi mmene muli zida zamiyala zambirimbiri. Ofufuzawo akuti anthu ndi amene ankatentha tchire, ndipo motowo unasintha nkhope ya dziko. Wokulira kumudzi sangavutike kumvetsa chifukwa chake: pa lupsa pamaphuka msipu, msipu umaitana nyama, ndipo poyera mlenje amaona patali.

Nditawerenga zimenezi ndinaika foni pansi, chifukwa nkhaniyi ndinaimvapo kale, m'mawu ena. Agogo anga aakazi, amene kwawo n'kufupi ndi Dzalanyama, ankatisimbira kuti pachiyambi mwamuna ndi mkazi anatsika kumwamba pamodzi ndi mvula, atanyamula khasu, lichero ndi mtondo, n'kutera pa Kaphirintiwa. Thanthwe linali lofewa ndipo mapazi awo anadindika. Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere mpaka tsiku limene munthu anapeka moto ndi timitengo tiwiri, kena kofewa kena kolimba. Tchire linayaka. Galu ndi mbuzi anathawira kwa munthu, njovu ndi mkango zinathawira kutali zili ndi mkwiyo, bilimankhwe anakwera mumtengo, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude.

Sindikunena kuti matope atsimikiza nthano ya agogo. Anthu amene ankatentha tchire ku Karonga anakhalako zaka masauzande ambirimbiri Achewa asanafike, ndipo nthano ili ndi ntchito yake yosiyana ndi ya labotale. Chimene chandikhudza n'chakuti makolo athu, poyang'ana dziko lawo, anasankha moto kukhala pamene panasiyanirana munthu ndi zolengedwa zina, ndipo owerenga mungu afika pa moto womwewo podzera njira yawo. Mnzanga wina wa m'gulu lathu la pa WhatsApp anati ndiye kuti anyamata otentha mapiri mu Seputembala posaka mbewa akungotsata mwambo wakale. Ine ndinakana. Anthu aja anali ochepa m'dziko lalikulu, ndipo ngakhale choncho nkhalango sinabwererenso. Ife tadzaza m'mbali mwa phiri lililonse, ndi nkhwangwa ndi mauvuni a makala pamwamba pa motowo.

Gawo lomaliza la phunziroli linandibweretsa pakhomo penipeni. Dera la Chongoni, lomwe UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, lili ndi malo 127 a zojambula za pamiyala. Zofiira, zamizeremizere ndi zozungulira, n'za alenje akale amene timawatcha Akafula kapena Abatwa. Zoyera, zopakidwa ndi chala, n'za makolo athu Achewa, ndipo zimakhudza chinamwali ndi gule wamkulu. Phanga la Mwana wa Chencherere, la m'dera lomweli, analifukula J. Desmond Clark mu 1972, ndipo Gadi Mgomezulu, Mmalawi mnzathu, anafukula malo ena a dera la Linthipe m'zaka zomwezo za m'ma 1970.

Mu 2017 akatswiri anakwanitsa kuwerenga DNA, chinthu cha m'thupi chosonyeza chibadwa ndi ubale wa anthu, ya m'mafupa a anthu akale a ku Chencherere, a zaka pafupifupi 5,000, pamodzi ndi a ku phiri la Hora ku Mzimba ndi a ku Fingira ku Nyika. Anapeza kuti anthuwa anali pa ubale ndi Asan a kum'mwera kwa Africa komanso ndi Ahadza a ku Tanzania. Atayerekeza ndi Achewa, Atumbuka, Ayao ndi Angoni a lero amene anayezedwa, magazi a alenje aja sanaoneke mwa ife. Mawu amenewa ndinawawerenga katatu. Ndinakula ndikumva za Amwandionerapati, anthu aafupi amene ukakumana nawo ankafunsa kuti "Mwandionera pati?" ndipo wofuna moyo ankayankha kuti "Ndakuonerani patali." Tinkaseka pomva nthanoyi, ngati ya kalulu ndi fisi. Koma anali anthu enieni, oika maliro awo m'mapanga amene ife timapitako kukabisala mvula tikamadyetsa mbuzi. Anakhala m'mapiri ano zaka masauzande, kenako anakhala moyandikana ndi alimi obwera ndi makasu ndi mbiya, ndipo lero palibe mudzi umene ungati ndife zidzukulu zawo. Ife amene timati eni nthaka tinapeza moto uli kale pa mafuwa a ena.

Sabata yatha ndinapita ndi ana a Fomu 1 ku Chencherere. Tinakwera pang'onopang'ono, wotilondolera ali patsogolo. Pakhoma la phangalo pali zithunzi zoyera zotambasula miyendo, ndipo ukayang'anitsitsa umaona zofiira zozilala pansi pake. Penapake pali mayina a anthu a masiku ano olembedwa ndi makala pamwamba pa zonsezo, ndipo ndinaona ana ena akuchita manyazi ngakhale sanalembe ndi iwo. Mtsikana wa funso uja anaima nthawi yaitali pafupi ndi khomalo, manja ali kumbuyo monga tinawauzira. Kenako anati, "Aphunzitsi, zofiirazi ndiye zoyamba, chifukwa zoyerazi zakwera pamwamba pake." Ndinamufunsa kuti wadziwa bwanji. Analoza pamene utoto woyera unadutsa pa mzere wofiira n'kuuphimba.

Pobwerera ndinawapatsa ntchito: aliyense akafunse wamkulu wa kwawo zimene anamva za Akafula, alembe mawu ake monga momwe awanenere, alembenso mudzi ndi amene anamuuza wamkuluyo. Makope khumi ndi anayi abwera kale. Atatu akutchula phanga limodzimodzi la kuseri kwa mudzi wina, ndipo Loweruka likubwerali ndikupita kukaonana ndi a mfumu a kumeneko kuti atilole tikalione.