Mbiya ya azakhali ndi petulo wa asodzi

Sabata yatha ndinaima pamzere wa petulo m'tauni ya Mangochi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litafika paliwombo, ndipo kutsogolo kwanga kunali asodzi atatu a ku Makawa amene ankadandaula kuti boti lawo lagona kumtunda masiku anayi pamene anzawo akupha usipa. Ndili pamzerepo ndinakumbukira azakhali anga, amene ankatcheza kachasu kuseri kwa nyumba ine ndili mwana, chifukwa gawo lina la mafuta amene tinkadikirawo limapangidwa m'njira imene iwo ankaidziwa bwino.

Azakhaliwo ankaviika madeya m'mbiya, n'kuthiramo shuga, kenako n'kuvundikira. Pakapita masiku atatu, ukagunditsa khutu pambiyapo unkamva kaphokoso konga ka mvula yowaza padenga la udzu, ndipo ukavundukula unkapeza thovu litayera pamwamba. Amene ankagwira ntchito m'katimo ndi yisiti, tizamoyo tosaoneka ndi maso timene timadya shuga n'kutulutsa mowa wotchedwa ethanol pamodzi ndi mpweya wa carbon dioxide, umene ndi thovu lija. Tsiku lotcheza ankamata kukamwa kwa mbiya ndi dothi, nthunzi n'kumadutsa mumpope womizidwa m'madzi ozizira mpaka kudontha m'botolo. Mwana akasonkhezera moto mopitirira ankamukalipira, ndipo sankalakwa, popeza ethanol amawira pa madigiri 78 pamene madzi amawira pa 100, choncho moto ukakula madzi ambiri amakwera limodzi ndi mowawo n'kuusukulutsa.

Fakitale ya Ethanol Company ku Dwangwa, imene inayamba ntchito mu 1982, komanso ya PressCane ku Chikwawa, imene inayamba mu 2004, zimatsata njira yomweyi, koma m'malo mwa madeya zimawiritsa molasesi, madzi akuda onanda amene amatsala popanga shuga wa nzimbe. Kutcheza kokha kumafikitsa ethanol pafupifupi pa 96 peresenti, ndipo madzi otsalawo amachotsedwa mwapadera asanamusakanize ndi petulo. Lita iliyonse yopangidwa kuno imachepetsa mafuta amene dziko limaitanitsa ndi madola kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam.

Chimene chimandiwawa mtima ndi mango. Mu Disembala amayoyoka n'kuwolera pansi m'midzi yonse ya m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay, ntchentche zili ng'aa, chikhalirecho shuga amene ali m'mangomo ndi chakudya chenicheni cha yisiti. Ethanol wochokera mmenemo akhoza kuyatsa mbaula, ndipo kwa anansi anga Achisilamu, amene mawu akuti mowa amawakayikitsa, ndimafotokoza kuti wophikirayu amathiridwa mankhwala kuti asamweke. Koma kuwiritsa chimanga kapena chinangwa kuti tipeze mafuta sindingakuvomereze, m'boma limene mabanja ambiri nkhokwe zimawathera mvula isanagwe.

Namasupuni amene amayandama mumtsinje wa Shire ndi wosiyana, pakuti shuga wake ndi womangika mu ulusi wolimba umene yisiti sangathe kuuphwanya popanda mankhwala okwera mtengo. Iyeyu amayenera njira ina: kumuduladula, kumusakaniza ndi ndowe za ng'ombe ndi madzi m'thanki yosalowa mpweya, mmene mabakiteriya amawoletsa zonsezo n'kutulutsa gasi wa methane woyaka moto wabuluu wopanda utsi. Mabakiteriyawa amagwira bwino ntchito pa madigiri pafupifupi 35, kutanthauza kuti kutentha kwathu kuno, kumene timakudandaula mu Okutobala, kumawakomera.

Ndagula kale migolo iwiri ya pulasitiki ndi paipi kuti ndiyese kupanga gasiyu, ndipo mnzanga wa ku Malindi amene ali ndi khola wandilonjeza ndowa ziwiri za ndowe zoyambira. Mayi a kunyumba andiuza kuti adzakhulupirira tsiku limene nyemba zidzapse popanda thumba la makala a ku Namizimu.