Mmene ndinayezera phokoso pachigayo changa ku Ngabu

Chinandiyambitsa ndi mphwanga amene amathira chimanga pachigayo, tsiku lina tikutseka anangoti achimwene m'makutumu mukulira nyenje usiku onse. Mtima unandigunda chifukwa timaselo tomvera tamkati mwa khutu tikafa ndi phokoso sitimeranso.

Ndiye ndinabwereka iPhone ya alamu anga, muli app yaulere yoyezera phokoso ya NIOSH, bungwe la ku America loona za umoyo ndi chitetezo cha anthu pantchito. Choyamba ndinapukuta kaye pa maiki poti gaga amalowa paliponse. Kenako ndinaonetsetsa kuti ikuwerenga ma dBA, mtundu wa ma decibel (muyezo wa kukula kwa phokoso) amene amatsanzira mmene khutu la munthu limamvera, ndipo nambala yoyang'ana si ija imadumphadumpha ayi koma ya LAeq, avareji yake. Foni osaiika pa injini. Ndinaigwira pafupi ndi phewa la mphwangayo pomwe amaima, mphindi 15 chigayo chikugaya.

Inatuluka 94. Pakhomo pamene azimayi amadikira ndi malichero 85, pansi pa mtengo panja 70 ndi kenakake.

Ine ndinati aaa 94 ndi 85 zasiyana pang'ono bwanji, kumeneko ndiye kunali kusadziwa kwanga. Ma decibel sayenda ngati makilo a pasikelo, mukangowonjezera 3 mphamvu ya phokoso yawirikiza kawiri ndiye nthawi yokhalapo imadulidwa pakati. Pa muyezo wa NIOSH, munthu asapitirire maola awa patsiku: 85 ndi maola 8, 88 maola 4, 91 maola awiri, 94 ola limodzi basi. Mwana uja nyengo yokolola amaima pamenepo maola 6, ndiye kuti tsiku limodzi amamwa phokoso la masiku 6, ine ndili phee kuwerenga ndalama panja.

Foni si makina enieni oyezera, itha kuphonya pang'ono, koma ngati munthu ali mita imodzi ndipo mukukuwa kuti amve dziwani kuti mwafika kale cha pa 85.

Mphwangayo ankatsekera thonje m'makutu poti kuno ndi losasowa, komatu thonje silitchinga kwenikweni. Zovala ngati mahedifoni zija anazikana, ndi kutentha kwa kuchigwa kuno mu Okutobala thukuta lake simungapirire. Ndinamugulira timapulagi tofewa, umatipota kaye ndi zala zoyera, kukoka khutu m'mwamba, kulowetsa nkudikira kafufume.

Pano akusinthana ndi mnzake, wina akamathira wina ali panja kulandira ndalama, ndipo Lolemba ndikupita naye kuchipatala akamuone makutuwo.