Mano a Apongozi Anapita Kutsogolo

Mlanduwu ndinauvomera kale pamaso pa ankhoswe, choncho musavutike kundiweruza. Ndikungofuna mumve mmene zinayendera, chifukwa nkhani imene ikumveka kwa apongozi ku Dedza yamera nthenga. Kumeneko akuti ndinalowa kagulu kokumana usiku, ndipo akuluakulu a kaguluko ananditumiza mano a munthu wachikulire kuti ndilemere. Kagulu ndinalowadi, usiku timakumanadi, koma za kulemerazo funsani eni nyumba imene ndimachita lendi ku Area 25.

Tilipo asanu ndi awiri. Lachisanu lililonse ana akagona timakumana pa Discord, pulogalamu yochezera pa intaneti, kusewera magemu akale, aja ena tinkangowaonera pawindo la anzathu a makolo olemera. Muli mphunzitsi wa ku Chipata, namwino wa ku Leeds, mnyamata woyendetsa galimoto ku Johannesburg, ndi ife a konkuno amene timasowa pakati pa chiganizo magetsi akathima. Mmodzi amagwira mausi n'kuonetsa sikirini yake, enawo amakuwa malangizo ngati anthu oonerera bawo. Lamulo lathu ndi limodzi: kufufuza mayankho pa intaneti n'koletsedwa, ndipo wogwidwa amagulira aliyense bandulo. Wa ku Leeds sagwiritsa ntchito mabandulo athuwa, koma naye amaitanitsa yake.

Mwezi umenewo mausi inali kwa ine, ndipo gemu yake inali Day of the Tentacle, imene kampani ya LucasArts inatulutsa mu 1993, yopangidwa ndi Tim Schafer ndi Dave Grossman. Ine ndinali ndi ija anaikonzanso mu 2016. Nkhani yake njamisala. Kachilombo kapepo, kooneka ngati karoti woimirira chadodolido, kamwa madzi oipa otuluka kuseri kwa nyumba ya Dr. Fred, kamera manja, n'kuganiza zolamulira dziko lonse. Dokotalayo aganiza zotumiza achinyamata atatu, Bernard, Hoagie ndi Laverne, kuti abwerere dzulo akatseke makina otulutsa madziwo. Koma pomanga makina oyendera nthawi, mkuluyu anaumira, anaikamo dayamondi wachinyengo. Dayamondi uja n'kusweka ulendo uli mkati. Hoagie akagwera zaka 200 kumbuyo, nthawi ya George Washington ndi Benjamin Franklin. Laverne akagwera zaka 200 kutsogolo, kumene tizilombo tija tikuweta anthu ngati agalu. Bernard atsala lero, akusaka madola 2 miliyoni ogulira dayamondi weniweni.

Tsono mvetsani apa, chifukwa mpamene pagona tsoka langa. Makina oyendera nthawiwo ndi zimbudzi. Zimbudzi zenizeni, zonyamulika zija, dzina lake Chron-O-John. Anthu atatuwa sangakumane, koma akhoza kutumizirana katundu: uponya chinthu m'chimbudzi, ugejemula, mnzako wa zaka 400 kutsogolo achitola. Chamoyo chokha ndicho sichidutsa.

Kamnyamata kanga ka zaka zisanu kamayenera kukhala katagona nthawi imeneyi. Koma kanazolowera kudzuka, kudzakhala pamwendo panga, n'kumadikira phokoso la kugejemula. Likamveka kamaseka mpaka kutsamwa. Ine, bambo wonyadira mwana wokonda zamakono, ndinkachita dala kuyendetsa Hoagie mpaka kuchimbudziko kuti kasangalale. Tsiku lina kanafunsa ngati munthu angalowemo. Ndinakafotokozera mwaulemu kuti chamoyo sichidutsa. Ndimathokozabe kuti phunziro limenelo lokha kanalimva.

Lachinayi kunafika apongozi, kudzakhala nawo pa chinkhoswe cha mdzukulu wawo wina Loweruka. Iwo ndiwo anasankhidwa kupereka malangizo. Ndi mayi wa mawu, woti akaimirira pagulu ngakhale makanda amaleka kulira. Ine ndi iwo timakhala mwa chikamwini: moni wogwada, maso pansi, nkhani zitatu basi, mvula, chimanga ndi mtengo wa feteleza. Tinawakonzera chipinda cha ana, ndipo kamnyamata kaja kanagona pamphasa pafupi ndi bedi lawo.

Lachisanu usiku tinakumana monga mwa nthawi zonse. Tinali pa gawo la hatchi. M'nyumba ya alendo ya nthawi ya Hoagie muli hatchi yoyankhula imene imavala mano oikirira, ndipo Laverne akuwafuna kuti aveke mtembo wokulungidwa nsalu, ukapambane mpikisano wa kumwetulira. Musandifunse. Tinayesa zonse. Mawu olamula m'gemuyi ndi asanu ndi anayi okha: patsa, tola, gwiritsa ntchito, tsegula, tseka, yang'ana, kankha, koka, yankhula. Hatchi tinaikankha, tinaikoka, tinacheza nayo mpaka kutopa. Potsiriza mphunzitsi wa ku Chipata anati, "Iwerengereni buku la sayansi la Bernard lija. Ana anga amagona ndisanamalize tsamba." Zinathekadi. Hatchi inayasamula, inavula mano n'kuwaika m'tambula ya madzi, n'kugona.

Chisangalalo chake! Ndinali ndi mahedifoni, ndiye sindinkadzimva kukula kwa mawu. Ndinakuwa ndekha pabalaza, pakati pa usiku: "Yagona nkhalamba! Tengani mano msanga isanadzuke! Kaponyeni m'chimbudzi, mtembo ukudikira!"

Ndinamva chitseko cha chipinda cha ana chikutsekeka pang'onopang'ono. Sindinaganize kanthu. Kamnyamata kanali pamwendo panga, maso ali tong'o pa sikirini, osaphethira.

Kutacha, ndinadzidzimuka ndi mawu achilendo, ngati munthu akuyankhula ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Ndinatuluka n'kupeza apongozi ali pampando, chitenje chili kukamwa, m'manja muli kapu yapulasitiki ya madzi okhaokha. Zaka zisanu ndi zitatu ndili pabanja, sindinadziwe kuti mano oyera aja, amene ndinkawasirira akamatafuna mzimbe, amagona m'kapu.

Tinasaka paliponse. Tinakutumula mphasa, tinatembenuza matiresi, tinaunika kuseri kwa kabati. Makoswe anatchulidwa. Galu wa oyandikana nawo anamutsegula kukamwa. Apongozi sankasaka nawo. Ankangondiyang'ana ine, mkamwini amene anamumva ndi makutu awo usiku.

Ndipo kamnyamata kanatulukira, kakutafuna chigumu, n'kunena monyadira: "Ndawatumiza kwa Laverne."

Mayi a kunyumba anaika pansi tsache. "Laverne ndi ndani?"

"Ndi mtsikana wa adadi. Amacheza naye usiku."

"Bambo, Laverne ndi ndani?"

"Ndi wa m'gemu, mayi. Amakhala kutsogolo."

"Kutsogolo kwake kuti? Kumsika? Kuseri kwa chigayo?"

"Ayi, kutsogolo kwa zaka 200."

Apongozi anatulutsa mawu kuseri kwa chitenje. Sindinamve onse, koma dzina la Yesu linamveka bwino lomwe.

Kamwana kanatigwira dzanja n'kutitsogolera kuchimbudzi. Kanatilongosolera zonse mwadongosolo ngati kapitawo: kanadikira agogo agone, kanatenga mano m'kapu, kanaponya, kanagejemula kawiri kuti afike msanga. Kanangodandaula kuti buku sikanawawerengere, chifukwa anagona okha.

Ndinathamangira foni n'kulembera gulu. Ndinkayembekeza chifundo. Woyamba kuyankha anali wa ku Johannesburg: "Gwiritsa ntchito waya pa chimbudzi." Wina: "Yankhula ndi apongozi." Wina: "Ayi, yamba wasunga gemu, ungafe." Mphunzitsi anakumbutsa kuti kufunsa pulambala n'chimodzimodzi kufufuza mayankho, ndiye ndikonzekere mabandulo. Kenako anandiimbira onse pamodzi, ndipo ine m'chipwirikiti ndinadina sipika. Mawu a mnyamata wa ku Johannesburg anadzaza nyumba yonse: "Amwene, musadandaule, mano afika bwinobwino, mtembo wapambana!"

Apongozi anaimirira, analowa kuchipinda, n'kuyamba kulongedza chikwama.

Waya ndinagwiritsadi ntchito. Ndinawongola hang'ala, ndinagwada pamalo pamene mwamuna wa ulemu wake sayenera kugwada, n'kuvundula kwa theka la ola. Ndinatulutsa kagalimoto kachidole, supuni ziwiri ndi chivundikiro cha rimoti chimene tinkachisaka kuyambira Isitala. Apa ndinazindikira kuti Laverne wakhala akulandira katundu wa m'nyumba mwanga kwa milungu ingapo.

Pulambala anafika cha m'ma 11, chinkhoswe chili 2 koloko. Anamvetsera nkhani yonse nkhope ili gwa, ngati dokotala. Sanalowe n'komwe m'nyumba. Anazungulira kuseri, anatukula chivundikiro cha simenti pa kadzenje kamene mapaipi amakumana, n'kusuzumira. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anavula kapusi.

"Bwana, ntchito imeneyi ndinayamba ndili mnyamata. Ndatulutsapo mafoni, matewera, ngakhale mphete yaukwati. Koma dzenje londimwetulira ndi loyamba."

Analipodi, atakodwa pakona, oyera mbee, akuseka ngati amva nthabwala.

Mpaka apa mukhoza kunena kuti wolakwa ndi mwana. Chotsatirachi ndi changa ndekha. Pofuna kuonetsa apongozi kuti ndine mkamwini waukhondo, ndinatsuka mano aja ndi sopo, ndinawaika m'poto, n'kuwawiritsa pambaula mphindi makumi awiri ngati mazira. Uthenga wa namwino wa ku Leeds ndinauona poto ataphulidwa kale: "Chilichonse mungachite, musawawiritse. Amapindika." Anapindikadi. Mbali imodzi inaloza ku Salima, ina ku Mchinji. Ndinawapereka pambale, nditagwada, ndi manja awiri. Apongozi anawayang'ana, anandiyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirireni mwana wawo tinaonana maso ndi maso.

Kuchinkhoswe anapita, chifukwa ndi mayi wosathawa udindo. Malangizo anapereka mpango uli kukamwa, mawu akutuluka mwaphuphuphu. Anthu anaganiza kuti agwidwa ndi chisoni chosiyana ndi mdzukulu, ndipo azimayi theka analira nawo. Ena mpaka lero amati sanamvepo malangizo okhudza mtima ngati amenewo, ngakhale palibe angabwereze liwu limodzi. Nthawi ya chakudya, mbale ya nyama yambuzi yootcha inadutsa pamaso pawo. Iwo anatenga mpunga ndi msuzi. Supuni iliyonse ankaikweza akuyang'ana kumene ndinakhala ine. Nyama yanga ndinapatsa mwana wa eni ake.

Lamulungu madzulo kunakhala bwalo pabalaza panga: ankhoswe a mbali zonse, ndi amalume a mayi a kunyumba, mkulu wopuma pa ntchito ya uphunzitsi amene saseka chisawawa. Milandu inali itatu: mano, mtembo, ndi Laverne. Ndinaona kuti pakamwa pokha sipandipulumutsa, ndiye ndinabweretsa laputopu. Ndinawaonetsa Laverne, kamtsikana kojambula ka tsitsi losapesa ndi diso limodzi lotong'oka. Mayi a kunyumba anakayang'anitsitsa n'kunena kuti, "Ndiye mpaka kugona mochedwa chifukwa cha ameneyu?" Sindikudziwa ngati kumeneko kunali kukhululuka.

Amalume anasendeza mpando. Anafunsa za dayamondi, ndipo atamva kuti dokotala anagula wotchipa anagwedeza mutu ngati akumudziwa. Anafunsa chifukwa chimene mzungu wonenepayo waimirira panja ndi kaiti. Ndinati ndi Benjamin Franklin, akudikira mphezi, koma kumwamba kuli ngwee, ndipo gulu lonse takanika milungu iwiri kubweretsa mvula.

"Ngolo yakudayo nja ndani?" anafunsa, akuloza ndi ndodo.

"Ingokhala pamenepo, malume."

"Itsukeni. Simudziwa kuti ukatsuka galimoto mvula imabwera tsiku lomwelo?"

Sopo, ndowa ya madzi ndi burashi zinali kale m'thumba la Hoagie, tinkangoyenda nazo osadziwa ntchito yake. Ndinatsuka ngolo. Mitambo inasonkhana, bingu linagunda. Amalume anawomba m'manja kamodzi, n'kutembenukira kwa ankhoswe: "Apa palibe ufiti. Pali uchitsiru chabe, ndipo uchitsiru amalipira." Chigamulo: mano atsopano, thiransipoti ya apongozi yobwera kudzayezetsa ndi kudzatenga, ndi tambala mmodzi wopepesera. Potuluka anandikokera pambali n'kufunsa kuti Lachisanu timayamba nthawi yanji.

Mano atsopano anatenga milungu itatu ndi ndalama yokwana lendi ya miyezi iwiri. Tsiku lokawatenga apongozi anadzera kunyumba, anakhala pakhonde, n'kumwetulira mdzukulu wawo kuti aone. Kamnyamata kanayang'anitsitsa m'kamwamo, kanadumpha, n'kuthamangira kwa ine.

"Adadi, mwaona? Afika! Ndipo abwera atsopano!"

Ndayesa kukafotokozera, koma umboni uli kumbali yake.

Lachisanu likubwerali tikufika pa gawo limene Bernard amaika kambewa koweta m'makina a ayezi kuti kaume, Laverne akakasungunule patapita zaka 200, poti chamoyo sichidutsa m'chimbudzi. Amalume atumiza kale uthenga kuti tisayambe asanalowe. Oyandikana nafe amaweta mbira zisanu ndi imodzi, ndipo dzulo ndinapeza kamnyamata katatsamira mpanda, kakuziwerenga. Loko wa firiji ndagula m'mawa uno.