Lachitatu: kamzere kosayenera kuoneka

Ndinadzuka mtima uli m'mwamba chifukwa cha timachubu 6 timene tinatisiya mufiriji dzulo madzulo. Ndili chaka chachitatu, ndipo ndimaphatikiza maphunziro a bayoloje ndi a bizinesi, choncho Lachitatu limandithera pawiri: m'mawa ku labu, masana m'kalasi ya zachuma.

Dzulo tinachita PCR, njira yochulukitsira kachidutswa ka DNA mpaka kathe kuoneka. M'kachubu kalikonse tinathiramo DNA pang'ono, ma primer (tizingwe tifupitifupi tosonyeza malo oyambira kukopera) ndi enzyme ya Taq (puloteni yoluka DNA yatsopano), kenako makina anazungulira maulendo 30: kutenthetsa mpaka madigiri 95 kuti zingwe ziwiri za DNA zilekane, kutsitsa kufika cha m'ma 55 kuti ma primer agwire malo awo, kukweza kufika 72 kuti enzyme iluke chingwe chatsopano. Ulendo uliwonse kachidutswa kamene tikukafunako kamachuluka kawiri. Zonse zikayenda bwino, kamodzi kokha kamabala tizidutswa toposa biliyoni imodzi.

Lero inali ntchito yoona ngati zinathekadi. Ndinavala magolovesi, ndinasakaniza kadontho ka m'chubu ndi utoto wabuluu, n'kuyamba kuthira m'timaenje ta gel, chinthu chonga jeli chimene chimasiyanitsa tizidutswa ta DNA malinga ndi kukula kwake. Mphuno ya pipette, kachida kothirira timadontho, imanjenjemera ukaifikitsa pakamwa pa kadzenje, ndiye ndinachirikiza dzanja lamanja ndi chala cha kumanzere monga anatiphunzitsira. Utoto uja unamira pang'onopang'ono n'kukhazikika pansi osasefukira. Tinayatsa magetsi. DNA imathamangira ku waya wofiira, tizidutswa tating'ono patsogolo, tikuluti m'mbuyo. Titadikira mphindi 45 tinaika gel ija pa kuwala kwa UV.

Mizere inaoneka yowala bwino, pamalo pomwe tinkayembekezera. Mnzanga anali atayamba kale kumwetulira. Aphunzitsi anawerama, n'kuloza kanjira ka chubu chomaliza pa gel ija.

"Apa munathirapo chiyani?"

"Madzi okha, aphunzitsi. Ndi control yathu."

"Nanga kamzere aka kachokera kuti?"

Kanali kozimiririka, koma kanalipo. Chubu chopanda DNA sichiyenera kubala kanthu. Chikabala, ndiye kuti DNA yachilendo inalowa penapake, kaya m'madzi, kaya pa pipette, ndipo mizere ina isanu ija sitingaikhulupirirenso. Zinandipweteka kwambiri, poti ndi ntchito ya masiku awiri. Koma aphunzitsi sanalakwe kutikaniza kuzilemba ngati zotsatira. Mphamvu imene imachulukitsa kachidutswa koyenera imachulukitsanso kosayenera, sisankha.

Masana ndinalowa m'kalasi ya zachuma maganizo akadali pa gel. Mutu unali NPV, njira yowerengera kuti ndalama zimene kampani idzapeze m'tsogolo n'zofanana ndi zingati lero. Anatipatsa chitsanzo cha kampani yopanga mankhwala: imalowetsa ndalama panopa, koma mankhwalawo adzayamba kugulitsidwa pakatha zaka 12. Tikatenga chiwongoladzanja cha 10 peresenti, madola 100 a nthawi imeneyo ndi madola 32 okha lero. Ndikubaya manambala pa kakyuleta ndinazindikira kuti masamu ake ndi omwe aja a dzulo, kungoti atembenuzidwa. Ku labu timachulukitsa mobwerezabwereza mpaka chosaoneka chioneke. Kuno timagawa mobwerezabwereza mpaka chinthu chachikulu cha kutali chichepe. Onjezanipo kuti patenti, chilolezo choti inu nokha muzigulitsa chimene mwatulukira, imakhala zaka 20 kuyambira tsiku lomwe mwaipempha, ndipo zambiri mwa zakazo zimathera poyesa mankhwalawo, muona chifukwa chake makampani amazengereza pa matenda a anthu osauka.

Madzulo ku laibulale, m'malo molemba ntchito ya NPV, ndinapezeka ndikuwerenga za Taq, enzyme ija ndinaithira dzulo osaiganizira n'komwe. Imachokera ku bakiteriya wotchedwa Thermus aquaticus, amene Thomas Brock ndi Hudson Freeze anamupeza m'kasupe wa madzi otentha ku Yellowstone, ku America, mu 1966, n'kulemba za iye mu 1969. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti Freeze panthawiyo anali asanamalize digiri yake yoyamba, ngati ineyo. Iwo ankangofuna kudziwa ngati chamoyo chingakhale m'madzi otentha choncho. Panalibe wogula amene ankadikira yankho.

Patapita zaka, mu 1983, Kary Mullis wa ku kampani ya Cetus anatulukira PCR. Poyamba inali yotopetsa, chifukwa enzyme imene ankagwiritsa ntchito inkawonongeka ndi kutentha, ndipo ankathira ina ulendo uliwonse. Taq ndiye inathetsa vutolo, poti imapirira madigiri 95. Mu 1991 Cetus inagulitsa umwini wa PCR ku kampani ya mankhwala ya Hoffmann-La Roche pa madola 300 miliyoni, ndipo mu 1993 Mullis analandira mphoto ya Nobel.

Ndinatenga pepala n'kuyesa kuika ntchito ya Brock m'masamu a masana aja. Kuchokera 1966 kufika 1991 ndi zaka 25. Pa 10 peresenti, dola iliyonse imatsala masenti 9. Koma vuto lalikulu silili pamenepo. NPV imafuna kuti ulembe ndalama zimene ukuyembekezera, ndipo mu 1966 palibe amene akanalemba kanthu pamzerewo, chifukwa PCR kunalibe. Bwana aliyense wotsata bwino zimene taphunzira lero akanaikana ntchitoyo, ndipo pa mayeso akanakhoza.

Ndinamufotokozera mnzanga wa ku bizinesi amene tinakhala naye tebulo limodzi. Iye anati, "Iwe, NPV sanaipangire zimenezo. N'chifukwa chake kafukufuku wotero amalipirira ndi boma ndi mayunivesite. Komanso popanda kampani, enzyme yakoyo ikanakhalabe m'kasupe, sukanaipeza m'kabotolo mufiriji." Ndinavomera mbali yachiwiriyo. Kuti Taq ifike m'manja mwanga ili yoyera, yofanana botolo lililonse, pali anthu amene anawerengera mtengo, kayendedwe ka katundu ndi phindu, ndipo ntchito yawo sindiipeputsa. Chimene chikundivutabe n'chakuti m'kalasi ya zachuma sitinauzidwe malire a chida chimenechi. Ku labu chida chilichonse chimabwera ndi control yake, ndipo lero ndaona ndi maso anga mmene kanjira kamodzi kamagwetsera gel yonse. Ndikufuna kukafunsa aphunzitsi a zachuma Lachisanu kuti ntchito imene phindu lake silingalembedwe amaiyeza bwanji.

Ntchito ya NPV ndalemba theka, ndipo ikufunika Lolemba. Mawa 7 koloko tibwereza PCR. Tagwirizana kutsegula botolo latsopano la madzi, kupukuta ma pipette onse, ndi kutseka chubu cha control tisanakhudze DNA ina iliyonse.